Ndapeza kamera ya full-frame: kodi ya crop ndiigulitse kapena ndizinyamula onse awiri?

Wojambula wa ku Chinamwali:

Moni kwa inu nonse akuluakulu amene munayamba kale ntchito yojambula zithunzi. Ine ndakhala ndikujambula maukwati, zinkhoswe ndi miyambo ya omaliza maphunziro muno mu Zomba kwa zaka zinayi, ndipo nthawi yonseyi ndadalira kamera imodzi yokha, Canon 80D, ya crop (ya sensa yaing'ono; sensa ndi kachipangizo ka mkati mwa kamera kolandira kuwala kuti chithunzi chipangike), pamodzi ndi malenzi atatu: EF-S 18-135mm imene inabwera ndi kamerayo, EF 50mm f/1.8, ndi EF 70-200mm f/4 imene ndinaisungira ndalama chaka chathunthu. Mwezi wathawu mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandibweretsera Canon 6D, ya full-frame (ya sensa yaikulu), yogwirapo kale ntchito koma yosamalika, pamodzi ndi lenzi ya EF 24-105mm f/4, ndipo ndalama zake ndikumubwezera pang'onopang'ono.

Chimene chandiimitsa mutu ndi malangizo a anzanga. Ena akuti munthu akafika pa full-frame ya crop ilibenso ntchito, choncho ndigulitse 80D ndi lenzi yake kuti ndimalize ngongole ya mlamu, yotsalayo ndigulire fulashi yabwino. Ena akuti ndisayerekeze, ndizinyamula onse awiri. Ndinayesa kuika 18-135mm pa 6D koma inakana kulowa, ndipo sindinafune kuikakamiza. Ndaonanso kuti 50mm, imene pa 80D inkadzaza bwino chithunzi ndi nkhope ya mkwatibwi, pa 6D ikutenga malo otakata moti ndikuchita kusendera pafupi kwambiri ndi anthu.

Ndili ndi ukwati Loweruka la sabata yamawa, umene udzadalitsidwe m'tchalitchi cha mazenera ochepa, madyerero adzakhala panja masana, ndipo banjalo likufunanso zithunzi ku damu la Mulunguzi, pa phiri la Zomba, dzuwa lisanalowe. Kodi makamera a masensa osiyana chonchi angagwire ntchito limodzi pa mwambo umodzi, zithunzi osaoneka ngati zajambulidwa ndi anthu awiri? Nanga lenzi iti ipite pa kamera iti?

Mkulu wa ku Sadzi:

Achimwene, munachita bwino osaikakamiza lenziyo. Malenzi a EF-S anapangidwa dala kuti asamalowe pa makamera a full-frame monga 6D, chifukwa kumbuyo kwa ena mwa iwo kumalowa mkati kwambiri, pamene kagalasi kamene kamatukuka mukadina shata ndi kakakulu pa 6D ndipo kakhoza kugunda lenziyo. Kuwala kumene lenzi yotere imaponya nakonso kumangokwanira sensa yaing'ono. Malenzi a EF amalowa pa onse awiri, kutanthauza kuti atatu mwa malenzi anu anayi ndi a makamera onsewo, ndipo ichi chokha ndi chifukwa chokwanira choti musafulumire kugulitsa.

Za 50mm musadabwe nazo. Sensa ya 6D ndi ya mamilimita pafupifupi 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, muyeso wa filimu ya 35mm imene ena a ife tinaphunzirira ntchitoyi, pamene ya 80D ndi ya pafupifupi 22 ndi 15. Lenzi ikakhala pa 80D siisintha n'komwe, koma sensa imangotenga pakati pa chithunzi n'kusiya m'mbali, monga munthu wosuzumira pa zenera laling'ono amene amangoona gawo la bwalo. N'chifukwa chake timachulukitsa ndi 1.6 tikafuna kufananitsa. Zaka zinayi zonsezi 50mm yanu yakhala ikukuonetsani malo amene 80mm imaonetsa pa full-frame, ndipo maso anu anazolowera zimenezo. Mwa masamu omwewo, 70-200mm pa 80D imaonetsa ngati 112-320mm, pamene 24-105mm mukaiika pamenepo imakhala ngati 38-168mm, ndiye kuti mwataya mbali yotakata imene lenziyo inagulidwira.

Choncho ine ndikanaika 24-105mm pa 6D, 70-200mm pa 80D, n'kusiya momwemo tsiku lonse. Mukatero muli ndi zonse kuyambira 24 mpaka 320, kupatula kampata kakang'ono pakati pa 105 ndi 112 kamene mungakakwirire ndi phazi limodzi. Matchalitchi ambiri safuna wojambula wozungulirazungulira pa guwa pamene abusa akudalitsa mphete, ndipo mutaima chakumbali, 80D idzakufikitsani pa zala za mkwatibwi popanda kutchinga ankhoswe, kenaka n'kungotsitsa dzanja, kunyamula 6D n'kutenga kwaya yonse ndi mpingo. Pa pelekanipelekani m'pamene mudzaone phindu lenileni, chifukwa gulu la akuchikazi likanyamuka kudzavina silidikira munthu amene ali kalikiliki kumasula lenzi.

Koma chachikulu kwa ine si masamuwa. Ukwati subwerezedwa. Chaka china kamera yanga inangoima mkwatibwi ali pakhomo la tchalitchi, ndipo chimene chinandipulumutsa ndi kamera yakale imene mayi a kunyumba anandikakamiza kunyamula m'mawa umenewo. 6D inatuluka mu 2012, ndipo yanuyo simukudziwa kuti shata yake yadinidwa kangati ndi mwini wake woyamba. Munthu amene mukulandira ndalama za eni mwambo simuyenera kupita ndi kamera imodzi, makamaka imene mwakhala nayo mwezi umodzi wokha.

Mayi wojambula wa ku Domasi:

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Sadzi kuti 80D isagulitsidwe, koma ndikupempha kusiyana nawo pa mfundo yosiya malenzi momwemo tsiku lonse, chifukwa achimwenewa anena kuti tchalitchicho ndi chamdima. Malenzi awiri aja, 24-105mm ndi 70-200mm, onse amathera pa f/4, kutanthauza kuti khomo lawo lolowetsa kuwala silitseguka kuposa pamenepo. Sensa ya 6D imaposa ya 80D kuwirikiza kawiri ndi theka pa kukula kwa malo olandira kuwala, choncho pa ISO (nambala imene timaikweza kuti chithunzi chiwale mumdima) 3200 kapena 6400 imatulutsabe chithunzi choyera ndithu, pamene 80D ikafika pamenepo nkhope zimaoneka ngati zawazidwa mchenga. Vuto n'lakuti 70-200mm ikakhala pa 80D imafuna shata yothamanga, pafupifupi 1/320 ya sekondi mukaitambasula yonse ngati ilibe chotetezera kugwedera kwa manja, ndipo m'tchalitchi chamdima liwiro limenelo pa f/4 lidzakankhira ISO kumene kamerayo siichita bwino.

Ine m'tchalitchi ndikanaika 50mm f/1.8 pa 80D. Pa f/1.8 lenzi imalowetsa kuwala pafupifupi kasanu kuposa pa f/4, ndipo mudzakhala ndi 80mm ija imene manja anu anaizolowera kale. 6D ikhale ndi 24-105mm polowa ndi potuluka, ndipo ngati akuimitsani kutali, nthawi ya malumbiro muiike 70-200mm. Mukatuluka panja masana, pamenepo tsatirani zimene bambowa anena. Kunjako 80D ndi imene ili ndi mphamvu: ili ndi malo 45 ogwirira fokasi pamene 6D ili ndi 11, imajambula zithunzi 7 pa sekondi pamene inzake imajambula 4.5, ndipo shata yake imafika 1/8000 pamene ya 6D imalekera pa 1/4000. Anthu ovina ndi ana othamanga apatseni 80D. Ngakhale pa diresi loyera ndi suti yakuda padzuwa la masana, pa ISO 100 ndaona kuti 80D imalola kuwalitsa mithunzi pa kompyuta popanda kuwononga chithunzi kuposa 6D, chinthu chimene onyoza crop sakonda kuchitchula.

Ku Mulunguzi bwezerani 70-200mm pa 6D. Mukajambula anthu pa kukula kofanana, f/4 pa 80D imasungunula kumbuyo mofanana ndi f/6.3 pa full-frame, ndiye kuti mitengo ya paini ndi madzi zidzafewa bwino kumbuyo kwa banjalo mukagwiritsa ntchito sensa yaikulu.

Pa nkhani yoti zithunzi zisaoneke ngati za anthu awiri, zimene zimasokoneza kawirikawiri si sensa ayi, koma zinthu zing'onozing'ono zimene timaiwala usiku wokonzekera. Tcherani nthawi ya makamera onse awiri kuti ifanane mpaka pa sekondi, makamaka poti 6D yachokera ku dziko lina ndipo mwina mwini wake sankasamala nkhani ya wotchi. Ine ndinavutikapo usiku wonse kusanja zithunzi ndi manja chifukwa kamera imodzi inali patsogolo ndi mphindi 20, moti keke inkaoneka ikudulidwa akwati asanafike pa malo a madyerero. Jambulani mu RAW (fayilo yosunga zonse zimene sensa yatenga, yokonzeka bwino pa kompyuta), ikani Picture Style (kaonekedwe ka mitundu kamene kamera imaika pa chithunzi) imodzi pa onse awiri, ndipo white balance, imene imathandiza kuti choyera chizioneka choyera, musaisiye pa auto m'tchalitchi momwe mababu ndi kuwala kwa pazenera zasakanikirana, koma ikani nambala imodzi ya Kelvin (muyeso wa mtundu wa kuwala) pa onse, kapena jambulani pepala loyera ndi kamera iliyonse musanayambe. Mwayi wanu ndi wakuti mabatire, LP-E6 ya 6D ndi LP-E6N ya 80D, amalowerana ndipo amagwiritsa ntchito tchaja imodzi, chinthu chothandiza kwambiri magetsi akazima Lachisanu usiku. Makamera onse awiri amadya khadi la SD, koma dziwani kuti iliyonse ili ndi polowetsa khadi pamodzi pokha, choncho jambulani mphindi zikuluzikulu ndi makamera onse kuti khadi limodzi likavuta mukhale ndi potsamira.

Wa mbalame wa ku Matawale:

Ine maukwati sindijambula kawirikawiri, ndipo ndimagwiritsa ntchito Nikon, D750 (ya full-frame) ndi D7200 (ya crop), koma ndakhala ndi makamera awiri a masensa osiyana kwa nthawi yaitali pojambula mbalame ku nyanja ya Chilwa ndi nyama ku Liwonde. Pa Nikon timachulukitsa ndi 1.5, ndipo malenzi a DX, opangidwira sensa yaing'ono, amalowa pa D750, kungoti kamerayo imadula chithunzi yokha n'kutsala ndi ma megapixel (mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi) pafupifupi 10 mwa 24 aja.

Ndalowererapo chifukwa anzanu oti mugulitse aja akhoza kukuuzani kuti palibe chimene crop imachita chimene simungachite podula chithunzi cha 6D pa kompyuta. Pa malo ooneka m'chithunzi akunena zoona, koma awerengere zotsala. 6D ili ndi ma megapixel 20.2, ndipo mukadula kuti ifanane ndi 80D mumagawa ndi 1.6 kawiri, n'kutsala ndi pafupifupi 8, pamene 80D imaika onse 24.2 pa malo omwewo. Pa foni kusiyanaku sikuoneka, koma kholo likafuna chithunzi chachikulu cha mwana wake akulandira digiri mu Great Hall ya ku yunivesite muno mu Zomba, chimene munachijambula muli kumbuyo kwa khamu, mudzakuona. Ine vuwo akauluka patali ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, sindiganizanso kawiri, ndimanyamula D7200.

Chinanso ndi fumbi. Mu Okutobala msewu wa ku Kachulu umatimwetsa fumbi lokhalokha, ndipo nthawi iliyonse imene mwamasula lenzi mwatsegulira sensa khomo. Mabwalo a madyerero nawonso anthu akayamba kuvina fumbi limakwera chimodzimodzi. Choncho ngakhale mayi a ku Domasi akunena zomveka pa zosintha malenzi, sinthani katatu kokha pa tsikulo, muli m'galimoto kapena m'chipinda, kamera itazimitsidwa ndiponso itayang'ana pansi. Mukatsika kuphiri kuja kutachita nkhungu, musatsekere zida m'chikwama usiku wonse, chifukwa chinyontho cha kuno chimameretsa chuku mkati mwa lenzi, makamaka imene yangokhala osagwira ntchito. Pezaninso lamba wa mapewa awiri, pakuti makamera awiri olendewera pakhosi amagundana ndipo pofika madzulo msana umakhala utatheratu.

Wojambula wa ku Chinamwali:

Zikomo kwambiri bambo, mayi ndi achimwene chifukwa cha nzeru zimenezi. Ndayang'ana wotchi ya 6D ndipo ndapeza kuti inali kumbuyo ndi mphindi 11, tsopano ndaikonza. 80D sindigulitsa, ndipo mlamu ndakambirana naye kuti ndimalize ngongole pofika Disembala, nyengo ya maukwati ikadutsa. Funso langa lotsala ndi la 18-135mm: poti siilowa pa 6D ndipo m'dongosolo lonse mwandipatsali siikutchulidwa, kodi ndingaigulitse yokhayo kuti ndipeze ya fulashi?

Mkulu wa ku Sadzi:

Achimwene, ine ndikanaisunga. Taganizirani 6D itaima pakati pa mwambo: mwatsala ndi 80D, ndipo lenzi yanu yotakata kwambiri ndi 24-105mm imene pamenepo ikuyambira pa 38mm, yosakwanira kutenga mbumba yonse ya akuchimuna ndi akuchikazi pa masitepe a tchalitchi popanda kubwerera m'mbuyo mpaka mumsewu. 18-135mm imayambira pa 29mm mukawerengera 1.6 ija, choncho ndi imene imachititsa kuti 80D ithe kugwira ukwati wonse payokha. Ndi yabwinonso pa vidiyo, poti 80D imatsata nkhope yokha ndipo sikirini yake imatembenuka, zimene 6D ilibe.

Fulashi ikufunikadi, chifukwa 6D ilibe yakeyake pamwamba monga ilili 80D. Pa ukwati wa Lowerukali bwerekani kwa mnzanu, ndipo muiyesere kunyumba Lachinayi pa makamera onse awiri. Kumbukirani kuti ndi fulashi shata ya 6D imalekera pa 1/180 pamene ya 80D imafika 1/250, choncho mukadzaisamutsa kuchoka pa kamera ina kupita pa inzake ku Mulunguzi, yambani mwayang'ana shata musanaimike banjalo.