Makalasi a kalembedwe a ana athu ku Wimbe

Wapampando: Abale ndi alongo, komiti yalandira ganizo loti gawo la ndalama zomwe tasonkha chaka chino tiyambitsire makalasi ophunzitsa ana kulemba, kuyambira Sitandade 5 mpaka Fomu 4. Tikufuna maganizo anu tisanakaonane ndi amfumu komanso a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale m'dera lino.

Mphunzitsi wopuma: Zikomo a Wapampando. Ine ndikugwirizana nalo ndi mtima wonse. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi anadzaza kwambiri moti mphunzitsi sangathe kuchonga chimangirizo cha mwana aliyense ndi kumuonetsa pamene ganizo lake laduka. Ana athu azolowera kukopera zapabolodi, ndipo akauzidwa kuti alembe kalata kwa amalume awo, amalemba keyala ndi malonje, kenako nkuyamba kutafuna cholembera mpaka nthawi itatha. Mayeso a MANEB akafika mu Sitandade 8, vuto limeneli limaonekera poyera.

Msungichuma: Aphunzitsi, sindikutsutsa zimene mwanena, koma mjigo wa pafupi ndi sukulu unawonongeka, ndipo ana ena akukhalabe pansi chifukwa madesiki ndi ochepa. Makolo akamva kuti ndalama zapita ku ndakatulo ndi nthano pamene madzi kulibe, adzatifunsa mafunso ovuta.

Membala wa ku Johannesburg: Ngati tiyambitse, makalasiwa akhale a Chingerezi chokha. Mwana akalephera Chingerezi pa MSCE salandira satifiketi, ngakhale atakhoza bwino masamu.

Mphunzitsi wopuma: Achimwene, za Chingerezizo nzoona, ndipo tidzachiphunzitsa. Komabe mwana amene sangathe kulongosola m'Chichewa mmene agogo ake amasokera fodya, chimene chimayamba ndi chimene chimatsatira, sangalongosolenso m'Chingerezi, pakuti chimene chikusowa ndi kusanja maganizo. Tiyambe ndi chilankhulo chimene amaganizira. Tikumbukirenso kuti William Kamkwamba, mwana wa konkuno, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anaphunzira kupanga magetsi a mphepo kuchokera m'mabuku a mulaibulale yaing'ono, ndipo dziko linamudziwa bwino nkhani yake italembedwa. Mwa ana athuwa muli ena otere, ndipo ndikufuna adzathe kudzilembera okha. A Msungichuma, zofunika ndi makope, zolembera, choko ndi kangachepe ka aphunzitsi odzipereka. Chipinda tingapemphe ku sukulu kapena ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'dera lino amachitirako maphunziro awo.

Mayi wa gulu la amayi: Ine nkhawa yanga ndi nthawi. Loweruka m'mawa atsikana amakhala akuchapa ndi kupita kuchigayo, ndipo m'nyengo ya fodya makolo sangawalole kuchoka pakhomo. Tikaika masana, aziweruka dzuwa likadalipo, chifukwa ena amachokera kutali. Ndikupempha kuti tiyesere kaye pa tchuthi chachitali cha mu Ogasiti, ndipo pakhale mphunzitsi wamkazi.

Msungichuma: Ngati ndi kuyesera pa tchuthi chimodzi, ndipo mjigo ukonzedwa poyamba, ndavomera. Aphunzitsi anditumizire mndandanda wa zofunika kuti ndifunse mitengo ku Kasungu boma.

Wapampando: Zikomo nonse. Mjigo ukonzedwa kaye, ndipo makalasi ayamba mu Ogasiti m'zilankhulo zonse ziwiri. Mayi, mutithandize kulankhula ndi makolo, ndipo aphunzitsi afunse ku Kasungu TTC ngati pali ophunzira uphunzitsi amene angatithandize pa tchuthicho.