Apongozi anga ali ndi tisitima todzaza kudenga, tigulitse, tisunge kapena titumize kumudzi?

Mayi wa ku Doncaster:

Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene mwakhalitsa kuno ku UK kapena mumadziwa za tisitima tamagetsi timene anthu kuno amamanga m'nyumba. Mundipirire, ndilemba zambiri.

Ine ndinakwatiwa kuno ku Doncaster. Apongozi anga aamuna akalamba, ayamba kuiwalaiwala kwambiri, moti pano ali kunyumba yosamalira okalamba. Nyumba yawo ikugulitsidwa, ndipo tauzidwa kuti katundu yense achoke mwezi wamawa usanathe. Pansi ponse tamaliza. Mutu wayima ndi za kudenga, ku loft.

Bambowa anagwira ntchito kufakitale ya sitima ya kuno, komwe kunapangidwa sitima zamoto zotchuka, Flying Scotsman mu 1923 ndi Mallard mu 1938. Atapuma ntchito anayamba kumanga njanji yawoyawo kudengako. Kuli thebulo lozungulira khoma mbali zitatu, pamwamba pake njanji, siteshoni, mlatho, tinyumba tapepala, mpaka tianthu todikira sitima tosafika n'kutalika kwa chala chaching'ono. Phiri analisiya pakati: mbali ina ndi lobiriwira bwinobwino, mbali inayi waya wa khola la nkhuku akuonekera, nyuzipepala zakale zili pululu. Pansi pa thebulopo mawaya ali balala.

Ndiye pali makatoni. Alembedwa maina a makampani opanga tisitimati: ena Hornby, ena Tri-ang, ena abuluu akale kwambiri alembedwa Hornby Dublo, ena Bachmann. Muli njanji za Peco zomanga mitolo, ndi timabokosi ta Airfix, ta zidole zolumikiza wekha, tosatsegula n'komwe. M'chitini cha mabisiketi muli tizomangira ndi timateyala, ndipo ndapezanso kope lomwe anajambulamo ndi pensulo mmene mawaya akuyendera.

Zimene zandiopsa ndi izi. Nditatsegula bokosi lina, siponji yam'kati inangonyenyeka m'manja, ina yamatirira pa injini. Injini ina chitsulo chake chapansi chang'ambika chokha, osagwa. Njanji zina zachita dzimbiri.

Kunabwera bambo wina wa ntchito yochotsa katundu m'nyumba, anangosuzumira n'kutchula mtengo umodzi wa zonse, ati atenge sabata yomweyi. Alamu anga aakazi akuti tingolola, n'zinyalala. Amuna anga mukawafunsa amangoti tiona, kenako n'kutuluka panja. Ife tili mu flat ya zipinda ziwiri, malo palibe. Ine mumtima ndimafuna nditumizeko kwa ana a mchimwene wanga ku Balaka, amene amapanga magalimoto a mawaya ndipo sitima yeniyeni amaiona ikudutsa. Kodi zinthuzi zili ndi mtengo? Tingaziyese bwanji ngati zikuyenda? Nanga thebulolo titani nalo?

Achimwene a ku Luton:

Asisi, bambo ameneyo muuzeni adikire kaye. Munthu amene akufulumira choncho waonapo kanthu. Jambulani bokosi lililonse, makamaka kumapeto kumene kuli nambala, mulembe m'kope. Ndipo musalumikize chilichonse kumagetsi.

Mayi wa ku Area 25:

Koma abale, bambo wamkulu ndi ndevu zake kumasewera ndi zidole mpaka kukalamba? Dziko lake limenelo ndalama zachuluka eti.

Achimwene a ku Luton:

Mayi, nanga bawo ija amasewera ndi ana? Asiyeni agogo.

Bambo wa ku York:

Mayi a ku Doncaster, pepani ndi matendawo. Ine ndili m'kalabu ya tisitimati, ndinalowa chifukwa cha mnzanga wa kuntchito, ndiye ndikuuzani zimene ndikudziwa.

Zambiri mwa zimene mwatchulazo ndi za saizi yotchedwa OO, imene ili yofala kwambiri kuno: chinthu chilichonse chachepetsedwa ka 76, ndipo pakati pa njanji ziwiri pali mamilimita 16.5. Mukapeza tina tating'ono kwambiri toyenda pa njanji ya mamilimita 9, timeneto ndi ta N, tiikeni patokha.

Mabokosi abuluuwo muwasamale. Hornby Dublo inayamba mu 1938, ikupangidwa ndi kampani ya Meccano ku Liverpool, mpaka kampaniyo inagulidwa ndi eni ake a Tri-ang mu 1964. Zakale za Dublo zimayenda pa njanji ya mizere itatu, mzere wapakati ndi wopereka magetsi. Injini yotero mukaiika pa njanji ya mizere iwiri siyenda, imangochititsa shoti. Itembenuzeni muone kumimba: mukaona tizitsulo tokhudza pakati, ndi ya mizere itatu. Sikuti chakale chilichonse ndi chodula ayi. Tri-ang anapanga zambirimbiri, moti mabogi ake wamba amagulitsidwa motchipa pa zionetsero. Chimakweza mtengo ndi kusowa kwa chinthucho, penti yosakalika, ndi bokosi lake lenileni. Ndiye musataye bokosi ngakhale long'ambika, ndipo ta Airfix tosatsegulato musatitsegule kuti muone m'kati.

Siponji ija ndi vuto lodziwika. Ikakalamba imasungunuka n'kudya penti. Chotsani injini zonse zimene zili mu siponji yotero, muzikulunge ndi pepala lofewa lopanda asidi, siponjiyo mutaye. Yomatirirayo isasuleni ndi kaburashi kofewa kouma. Musapake spirit kapena mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo, mufufuta manambala ndi mizere yonse.

Chitsulo chong'ambika chokhacho amachitcha mazak rot. Ndi zinki wosakaniza amene munalowa zosafunika pomusungunula, ndiye pakapita zaka amatupa n'kuphwanyika, ndipo chinyontho chimafulumizitsa. Mankhwala ake palibe, guluu sathandiza. Komabe musaitaye injiniyo, thupi lake, mota ndi mateyala anthu amagula ngati masipeya.

Njanji za dzimbirizo ndi zachitsulo wamba, zimenezo sizipita patali. Zimene zangoda osachita dzimbiri ndi za nickel silver, zimayera mukapukuta ndi kansalu konyowetsa isopropyl alcohol. Osakhula ndi sandpaper.

Pa zoyesa, achimwene a ku Luton anena zoona. Thiransifoma yakale imene yakhala kudenga, kotentha m'chilimwe n'kuzizira m'chisanu, waya wake amauma n'kusweka, ndipo mbali imodzi ili pa mavoti 230. Isiyeni. Tisitimati timangofuna mavoti osapitirira 12. Tengani batire la 9V lamakona anayi lija, mugunditse timitu take tiwiri pa mateyala a mbali ziwiri a injini ya njanji ya mizere iwiri. Mateyala akazungulira kapena mota ikang'ung'udza, ili moyo. Ikangokhala chete musaikakamize, kawirikawiri ndi girizi wakale amene wauma. Ndipo WD-40, mafuta opopera omasulira dzimbiri aja, isayandikire.

Mayi wa ku Doncaster:

Zikomo kwambiri bambo. Ndapita kukaona, abuluuwo alidi ndi tizitsulo kumimba. Nanga zina zalembedwa DCC Fitted pabokosi, zimenezo ndi chiyani?

Bambo wa ku York:

Zimenezo ndi zatsopano, m'kati muli kachipangizo kolola kuyendetsa injini zingapo pa njanji imodzi, iliyonse payokha. Zisiyeni osaziyesa ndi batire, wogula adzaziyesa yekha. Musadabwe mukapeza kuti zimenezo ndiye zikugulidwa bwino kuposa zakale zambiri.

Mlongo wa ku Leeds:

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndiye ndiyankhula mbali ina imene simunaikhudze nonsenu. Agogowo ali moyo. Katunduyu ndi wawo, si wa amuna anu, si wa alamu anu. Amene ali ndi power of attorney, chikalata chalamulo chomupatsa mphamvu yoyang'anira chuma chawo, ndiye angagulitse, ndipo ndalamazo zimalowa ku akaunti ya agogo, malisiti n'kusunga. Ngakhale zopatsa ana ku Balaka zomwezo, kupereka mphatso kuchokera pa katundu wa munthu wotere kuli ndi malire ake, mufunse kaye. Ndaona mabanja akudana pa zinthu zochepa kuposa izi, ndipo inu monga mtengwa, komanso wochokera kunja, chala chidzaloza inu. Musakhale ndinu wotchula mtengo.

Chinanso, mwawafunsa eni akewo? Anthu oiwalaiwala nthawi zambiri za kale amazikumbuka bwino kuposa za dzulo. Tengani injini imodzi yolimba, yopanda tizidutswa tothothoka, mupite nayo m'mawa mutu ukadali wopepuka, muwaike m'manja. Musawafunse kuti tigulitse kapena ayi, zingowasokoneza. Afunseni kuti iyi ndi iti. Mudzadziwa zimene amazikonda. Amuna anuwo muwatenge, mwina kutuluka panja kujaku n'chifukwa choti anakulira pansi pa thebulo limenelo.

Mayi wa ku Doncaster:

Power of attorney ili ndi amuna anga ndi alamu anga onse awiri. Mwandithandiza achemwali, ndiwasiyira iwowo zotchula mitengo, ine ndingolemba mndandanda.

Bambo wa ku Chilomoni:

Zotumiza kunozo ine ndikukana. Fumbi la mwezi wa October lidzalowa m'timota timeneto sabata imodzi, kagiya kakathyoka mudzakapeza kuti? Kenako katoni yonse idzakhala pamwamba pa kabati mpaka kalekale. Onjezani mtengo wa kontena ndi msonkho. Gulitsani konko, anawo muwatumizire fizi.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:

Achimwene a ku Chilomoni, musawapeputse ana athu. Mwana amene amapinda waya n'kupanga galimoto yokhota ndi chiwongolero angalephere kupukuta njanji? Okonza mawailesi ndi mafoni ali pa msika uliwonse. Pulagi yathu ndi yofanana ndi ya ku UK, ndipo magetsi akazima, mavoti 12 ndi batire la sola lomwe lija. Ine nditapeza seti imodzi ndingaphunzitsire nayo sayansi teremu yonse. Chofunika n'kusankha zolimba, osati zokongola.

Bambo wa ku York:

Aphunzitsi akunena zoona pa zolimbazo. Ngati banja livomereza, za kumudzi zikhale za Tri-ang kapena Hornby zakale zosavuta, mota yake imatseguka ndi sikuludiraiva wamba ndipo imapirira. Muike njanji zokhuthala za Code 100, chifukwa mateyala akalewo ali ndi milomo yaitali, pa njanji zopyapyala za Code 75 amagunda pansi. Controller, kachipangizo koyendetsera sitima, mugule yatsopano. Za Bachmann zokhala ndi tizitsulo tosalimba zija zisapite, sizichedwa kuthothoka.

Mnyamata wa ku Johannesburg:

Pepani ndalowerera. Kodi palibe amene amagulitsa tisitima ta Malawi Railways? Agogo anga ankagwira ntchito ku Limbe, ndimalakalaka nditamanga siteshoni imeneyo.

Bambo wa ku York:

Achimwene, ine sindinazionepo m'sitolo, muyenera kupanga nokha. Njanji yathu, monganso ya Zambia, Mozambique ndi konko ku South Africa, ndi ya mamilimita 1067, pomwe ya kuno ndi 1435. Ndiye sitima ya OO pa njanji yake imaoneka yotambalala miyendo kuposa yathu. Njira ziwiri: saizi ya 1:87 pa njanji ya mamilimita 12, kapena 1:64 pa njanji ya 16.5, monga amachitira ambiri ku New Zealand komwe njanji yawo ndi yofanana ndi yathu. Inu muli pabwino, konko kuli anthu omanga za South African Railways. Mukapita kumudzi kajambuleni sitima zamoto zimene zili panja ku Museum ya ku Chichiri. Njanji ya Nsanje mpaka Blantyre inatsegulidwa mu 1908, kufika Salima mu 1935, ndiye musankhe zaka zimene mukufuna kuonetsa musanagule kanthu. Tsegulani funso lanu palokha, tisawasokoneze mayiwa.

Mayi wa ku Doncaster:

Ndabweranso. Bambo wochotsa katundu uja tamuuza kuti za kudenga asakhudze. Alamu anga avomera kuti titumize mndandanda ndi zithunzi kumasitolo awiri ogula zakale tiyerekeze mitengo, za Dublo tifunsenso kwa ogulitsa pa okushoni. Injini imodzi yobiriwira amuna anga aitenga okha, akuti apita nayo Loweruka. Zotumiza ku Balaka sitinagwirizane, alamu akuti tione kaye ndalama.

Chatsala ndi thebulo. Anamangira konko, ndipo khomo la kudenga ndi laling'ono, munthu amangokwanira mapewa. Wina angaligule lonse?

Bambo wa ku York:

Kunena zoona mayi, mathebulo omangira m'nyumba sagulidwa kawirikawiri, poti anayezera denga limenelo basi. Zamtengo ndi zimene zili pamwamba. Yambani mwajambula kanema wa lonse lisanakhudzidwe. Kenako zulani tinyumba, masiginolo, tianthu ndi mlatho polowetsa kampeni kopyapyala pansi pake. Njanji zimene zamatidwa ndi timiyala nthawi zambiri ndi guluu wa PVA: thirani madzi ofunda, dikirani afewe, muzinyamule pang'onopang'ono, makamaka za pamphambano chifukwa ndizo zodula. Pansi pake pamakhala timota tosinthira njira, timasuleni musanakoke.

Ngati amuna anu akufuna kusunga kanthu, dulani chigawo cha siteshoni chokha, chotalika mita imodzi kapena kuposa pang'ono, chimakwana pa shelefu. Yezani khomolo modutsa pakona ndi pakona musanadule thabwa. Njanji muzidule kaye ndi kasowo ka mano ang'onoang'ono, thabwa pambuyo, apo ayi zidzazuka zonse. Kope la mawaya lija lipite ndi chigawo chimenecho. Lemberaninso kalabu ya kufupi nanu, ambiri amabwera kudzathandiza kuphwasula mukawalola kutenga matabwa ndi mawaya otsala. Povundukula zakale kudengako muvale chotseka pamphuno, ndipo muziponda pa mitanda yokha.