Seva ya pa Raspberry Pi ikukana laputopu pomwe ping ndi ssh zikuyenda

wapampu: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndaika Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono) pa pampu ya madzi yoyendera mphamvu ya dzuwa kuti iziwerenga madzi otuluka komanso moto wa m'mabatire, ndipo m'pulogalamu yomweyo ya Python muli kaseva koonetsa ziwerengerozo pa port 8080. Pi imeneyi ndinaipatsa dzina loti pampu. Ndikalemba `curl http://pampu:8080` ndili pa Pi pomwepo, tsamba likubwera bwinobwino, koma ndikayesa pa laputopu yomwe ili pa rauta imodzimodziyo, ndi adiresi 192.168.1.20, nthawi yomweyo ikuti Connection refused. Ping (yoyesera ngati makina akufikika) ikuyankha, ssh (yolowera m'makina uli kutali) ikulowa popanda vuto. Seva ndikuitsegula ndi `HTTPServer((socket.gethostname(), 8080), Tsamba)`.

wanetiweki: Achimwene, uthenga umene mwaulandirawo ukutiuza zambiri. Firewall (chosefa zolowa ndi zotuluka pa netiweki) ikamataya mapaketi, laputopu imangodikira mpaka nthawi kutha. Ikakanidwa pompopompo, nthawi zambiri ndiye kuti mapaketi afika pa Pi koma pa adiresi imeneyo palibe amene akudikirira pa 8080. Chonde tumizani zimene zikutuluka mukalemba `ss -tlnp` (yoonetsa pamene maseva akudikirira) ndi `getent hosts pampu` (yoonetsa adiresi ya dzinalo), kenako muyesenso `curl http://localhost:8080` pa Pi pomwepo.

wapampu: Zikomo. `ss` ikuonetsa 127.0.1.1:8080, `getent` ikubweza 127.0.1.1 pampu, ndipo chodabwitsa n'chakuti localhost nayonso yakanidwa.

wanetiweki: Ndiye gwero lake ndi limenelo. Debian, limene ndi tsinde la Raspberry Pi OS, imalemba mu `/etc/hosts` mzere wolumikiza dzina la makina ku 127.0.1.1, n'cholinga choti mapulogalamu ofuna adiresi ya dzina lawo aipeze ngakhale netiweki palibe. Koma adiresi zonse zoyamba ndi 127 ndi za loopback, sizituluka kunja kwa makina. Pulogalamu yanu inafunsa dzina la makina, Python n'kulisandutsa adiresi potsata `/etc/nsswitch.conf`, momwe fayilo ya hosts imayang'anidwa DNS (dongosolo losandutsa mayina kukhala maadiresi) isanafunsidwe, ndipo seva inamangidwa pa 127.0.1.1 pokha. N'chifukwa chake ngakhale localhost yakanidwa, popeza imeneyo ndi 127.0.0.1, adiresi ina. Zili ngati wogulitsa amene watsegula zenera loyang'ana kuchipinda, makasitomala ali pakhonde.

Kalembedwe kameneka kafala chifukwa kamapezeka m'zitsanzo zambiri zophunzitsira socket, ndipo kamayenda pa makina amene dzina lawo limaloza ku adiresi ya LAN. Pa chipangizo chokasiyidwa kumunda ine sindingakavomereze. Dzina ndi la amene akukufunani kuchokera kunja. Seva siyenera kudalira dzinalo posankha podikirira. M'malo mwa `socket.gethostname()` lembani `"0.0.0.0"`, kutanthauza adiresi zonse za makinawo.

wapampu: Ndasintha, ndipo adiresi 192.168.1.20:8080 yatseguka pa laputopu. Komabe ndimaganiza kuti mwina n'kwabwino kumanga seva pa 192.168.1.20 penipenipo, kapena kukonza mzere wa mu `/etc/hosts` kuti uloze kumeneko, poti 0.0.0.0 ikundioneka yotsegula kwambiri.

wamakodi: Bambo, nkhawa yanuyo ndi yoona, koma njira ziwirizo zidzakupwetekani tsiku limene muli kutali ndi pampu. Adiresi imeneyo mwabwerekedwa ndi DHCP ya rauta, dongosolo logawira zipangizo maadiresi. Magetsi akazima n'kuyakanso, Pi ikhoza kudzuka rauta isanakonzeke, systemd n'kuyambitsa pulogalamu yanu wlan0 (khomo la Wi-Fi la Pi) isanalandire adiresi, ndipo bind (kumanga seva pa adiresi) imagwa ndi `OSError: [Errno 99] Cannot assign requested address`. Mukailowa pa ssh pambuyo pake n'kuiyambitsa pamanja, imayenda ngati palibe chimene chinachitika, ndiye munthu umataya nthawi kufufuza kolakwika. Mukakakamira adiresi imodzi, muyenera kuisungitsa pa rauta potengera MAC (nambala yozindikiritsa chipangizo pa netiweki) ya Pi, ndiponso kuika `Wants=network-online.target` ndi `After=network-online.target` mu fayilo ya service (imene systemd imatsata poyambitsa pulogalamu yanu), osati `network.target` yokha, chifukwa imeneyo silonjeza kuti adiresi yafika. Ndi 0.0.0.0 mavuto onsewa kulibe, popeza seva imalandira pa adiresi iliyonse imene makina apeze pambuyo pake.

Funso langa ndi lakuti, kodi Pi imeneyi ili ndi khomo lina lotulukira, monga modemu ya 4G?

wapampu: Inde mayi, ili ndi modemu ya USB yotumizira ziwerengero ku ofesi.

wamakodi: Ndiye 0.0.0.0 yatsegula 8080 kumbali ya modemunso. Makampani ambiri a mafoni amabisa makasitomala kuseri kwa NAT (ambiri amagawana adiresi imodzi yakunja), koma chitetezo cha pampu ya anthu musachiike m'manja mwa dongosolo limene simuliyendetsa inu, makamaka ngati tsambalo lidzakhale ndi batani lozimitsira pampu. Siyani seva pa 0.0.0.0, ndipo mu nftables (firewall ya Linux) mulole port 8080 pokhapokha paketi yalowera pa wlan0 kapena lo (khomo la loopback), zotsalazo zitayidwe. Lamulo lotere limatchula dzina la khomo m'malo mwa adiresi, choncho DHCP ikasintha zinthu silikhudzidwa. Gwiritsani ntchito `iifname`, chifukwa silifuna kuti khomolo likhalepo panthawi imene malamulo akuikidwa.

wapampu: Ndachita zimenezo, ndipo ndazimitsa Pi ndi rauta pamodzi n'kuziyatsanso, tsamba labwera lokha. Chatsala ndi dzina. Pa laputopu `http://pampu:8080` sikupezeka, ndipo woyang'anira pampu sangamasunge manambala pamtima.

wanetiweki: Limenelo ndi vuto lina, ndipo lili kumbali ya laputopu. Mzere wa mu `/etc/hosts` umadziwika pa Pi pokha. Laputopu imafunsa rauta, ndipo si rauta zonse zimene zimalemba mu DNS yawo mayina a zipangizo zimene zazipatsa adiresi. Yesani `pampu.local`. Raspberry Pi OS imabwera ndi avahi-daemon, yomwe imayankha mafunso a mDNS (njira yopezera mayina a `.local` popanda seva ya DNS) pa UDP 5353 kudzera ku 224.0.0.251. Onetsetsani kuti malamulo anu atsopano a nftables sanatseke 5353 pa wlan0, komanso kuti rauta sinayatse AP isolation (yoletsa zipangizo za pa Wi-Fi kulankhulana) kapena kuika laputopu pa netiweki ya alendo, chifukwa mDNS sidumpha kuchoka pa netiweki ina kupita ina. Ngati mudzaika mapampu angapo pogwiritsa ntchito SD card yokoperedwa, lililonse mulipatse dzina lakelake, apo ayi avahi idzasintha lachiwirilo kukhala `pampu-2.local` osakufunsani.

wapampu: Zinali choncho ndithu, achimwene: malamulo a nftables anali kutaya 5353. Ndaloleza UDP 5353 pa wlan0, ndipo `http://pampu.local:8080` yatseguka pa laputopu. Adiresi ndaisungitsanso pa rauta kuti foni imene singamve `.local` izigwiritsa ntchito 192.168.1.20. Zikomo kwambiri nonse awiri.