Ndapopera mankhwala a udzu, chimanga changa chikufa

Mayi wa ku Luchenza: Abale, mizere itatu ya chimanga changa yasanduka yachikasu, nsonga zikuuma. Lachiwiri lapitalo mnyamata wanga anapopera glyphosate m'malire mwa munda kuli kamphepo. Koma mlamu wanga akuti ku South Africa amapopera pamwamba penipeni pa chimanga, osafa. Ndiye changachi chalakwanji?

Mphunzitsi wa ku Chitakale: Pepani mayi, mbewu zake n'zosiyana. Glyphosate akalowa m'masamba amayenda mpaka kumizu, n'kutseka enzyme (kanthu kam'chomera koyendetsa ntchito yopanga zakudya) yotchedwa EPSPS. Popanda imeneyi chomera sichipanga ma amino acid atatu ofunika pomanga mapuloteni, ndiye chimafa ndi njala pang'onopang'ono, sabata imodzi kapena ziwiri. Chimanga chimene akunena alamu anucho anachiika jini (kachidutswa ka chibadwa) ya bakiteriya wam'nthaka, yopanga EPSPS imene mankhwalawo sangaitseke. Soya wotere anayamba kulimidwa ku America mu 1996. Haibulidi yathuyi ilibe jini imeneyo.

Mlimi wa ku Bvumbwe: Aphunzitsi anena zoona, koma mayi samalaninso ndi atrazine, mankhwala ena opha udzu. Chimanga wamba chimamuphwanya chokha m'thupi mwake, n'chifukwa chake sichifa. Nandolo ndi nyemba sizitha kutero: masamba amaleka kupanga chakudya ndi dzuwa. Ine ndinaonera m'munda mwanga, nandolo yense wam'mizere anapserera, mkazi wanga osandiyankhula masiku atatu.

Mayi wa ku Luchenza: Kodi ndikathira feteleza chidzuka?

Mphunzitsi wa ku Chitakale: Chimene changowazidwa pang'ono mwina chiphukiranso. Chouma nsongacho zulani, mubzalepo kholowa mvula isanathe.