Ndikufuna kutumiza nkhani ku jenala ya zamalamulo ya ophunzira, ndiyambire pati?

chaka_chachitatu

Akuluakulu, ndili m'chaka chachitatu cha digiri ya zamalamulo. Ndikufuna kulemba za chilango cha imfa ku Malawi ndi kutumiza ku jenala yoyendetsedwa ndi ophunzira, kaya Pretoria Student Law Review kaya Strathmore Law Review ya ku Nairobi. Ndili ndi asayimenti yomwe ndinakhoza bwino, ya mawu 2,500. Kodi ndingoitalikitsa? Nanga akonzi amayang'ana chiyani kwenikweni?

inki_yofiira

Asayimentiyo musaitalikitse achimwene. Asayimenti imalembedwa kuti aphunzitsi aone kuti mwawerenga, choncho theka lake limangofotokoza zomwe lamulo limanena. Akonzi a jenala izo akuzidziwa kale. Akufuna mfundo imodzi yanuyanu yoti munthu wina atha kuitsutsa.

"Chilango cha imfa ku Malawi" ndi mutu wa buku. Munthu woyamba kumene alembe case note, ndiye kuti nkhani younika chigamulo chimodzi. Zomwe zinachitika pa mlanduwo zikwane ndime imodzi kapena ziwiri, funso lomwe khoti linafunsidwa ndi yankho lake zitenge tsamba limodzi, kwinako konse mukhale mukunena ngati oweruza analondola kapena anaphonya, ndi chifukwa chake. Ambiri amatembenuza: masamba 8 obwereza chigamulo, maganizo awo ndime imodzi kumapeto. Zotere zimabwezedwa zisanafike nkomwe kwa wounika.

Kuchuluka kwa mawu musaganizire, jenala iliyonse imalemba payokha m'malangizo ake, ndipo onani ngati ma footnote (timawu ta m'munsi mwa tsamba tosonyeza magwero) akuwerengedwa momwemo kapena ayi. Tumizani ku jenala imodzi, mudikire yankho. Zotumiza nkhani imodzi ku majenala ambiri nthawi imodzi ndi chizolowezi cha ku America, kwina akadziwa amaichotsa.

gawo_44

Pa mutu umenewu pali dzenje lomwe mukuyenera kulidziwa musanalembe chiganizo choyamba. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Khoti Lalikulu silinathetse chilango cha imfa. Linati chosemphana ndi Konsitityushoni ndi lamulo lokakamiza woweruza kupereka chilangochi kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, osamva kaye zomupepesera. Kenako mu Epulo 2021, pa mlandu wa Khoviwa, kunatuluka chigamulo cha Khoti la Supreme chonena kuti chilango cha imfa chenichenicho nchosemphana ndi Konsitityushoni. Nyuzipepala zinalemba, mabungwe anaombera m'manja. Mu Ogasiti chaka chomwecho khotilo linatulutsa chigamulo chokonzedwa, momwe oweruza ena anati funso limenelo silinabwere pamaso pawo, anali maganizo a woweruza mmodzi, Justice Mwaungulu.

Ndiye mukatsamira pa chikalata cha Epulo kapena pa nkhani za m'nyuzi za sabata imeneyo, nyumba yanu yonse yamangidwa pa mchenga. Pezani zikalata zonse ziwiri, muziwerenge moyandikanitsa. Ine ndikuona kuti nkhani yabwino ili pomwepo: kodi khoti lingasinthe mpaka pati zomwe lanena kale pokonza chigamulo, ndipo mawu aja anali ratio (mfundo yomwe chigamulo chatsamirapo) kapena obiter (ndemanga yongodutsa ya woweruza)? Funso lopapatiza chonchi limakwana bwino mu case note.

Chimodzimodzi ndi malamulo a Nyumba ya Malamulo. Makope akale akadali mbwee pa intaneti. Wina akatenga Konsitityushoni yosindikizidwa 2017 isanafike adzalemba kuti mwana ndi wosakwana zaka 16, pomwe mu 2017 gawo 23 linasinthidwa kukhala zaka 18. MalawiLII, webusaiti ya malamulo ndi zigamulo za ku Malawi, imathandiza, komabe yang'anani tsiku la kope lomwe mwatsegula.

ibid_ibid

Ndionjezere za ma footnote, chifukwa ndi pomwe akonzi amatherapo usiku. Ntchito yawo yaikulu ndi kutsegula gwero lililonse lomwe mwatchula ndi kuona ngati likunenadi zomwe mwalemba, pa tsamba kapena ndime yomwe mwaloza. Mukangolemba dzina la mlandu popanda nambala ya ndime, pa chigamulo cha masamba 100, adzakubwezerani kuti mufufuze nokha. Choipitsitsa ndi kutchula mlandu womwe simunawerenge, mwangouona m'buku la wina. Wolemba bukuyo akalakwitsa chaka, inunso mwalakwitsa, ndipo zimaonekeratu komwe mwakopa. Milandu yomwe ChatGPT yakupatsani muifufuze umodziumodzi, imatha kupeka dzina, chaka ndi nambala zomwe.

Kalembedwe ka magwero kamasiyana. Ku America amatsata buku la malangizo lotchedwa Bluebook, ku Britain ambiri amatsata malangizo a OSCOLA a ku Oxford, a ku Pretoria ali ndi kalembedwe ka PULP (Pretoria University Law Press). Mu OSCOLA dzina la mlandu limapendekeka, zidule sizikhala ndi madontho, ndipo mabulaketi a ngodya amasonyeza kuti chakacho ndicho chikupezetsa voliyumu, monga Donoghue v Stevenson [1932] AC 562. Sankhani jenala kaye, ndiye mulembe ma footnote kamodzi m'kalembedwe kake.

Kanthu kakang'ono koma kopweteka: mukalemba pamanja "(n 12)" kuloza footnote ya m'mbuyo, kenako nkuonjezera footnote ina pamwamba, manambala onse amasuntha ndipo 12 uja akuloza zina. Gwiritsani ntchito Cross-reference ya mu Word, yomwe imalumikiza nambalayo ndi footnote yake, kapena muzimalize zimenezi pamapeto penipeni. "Ibid", mawu otanthauza gwero lomwe latchulidwa mu footnote yapitayo, nayenso amasochera mukasuntha ndime.

inki_yofiira

Komanso chotsani dzina lanu, osati pa tsamba loyamba pokha. Word imalisunga mu File, Info, pomwe palembedwa Author, ndiponso mu ndemanga za Track Changes. Wounika sayenera kudziwa wolemba. Akakuyankhani kuti mukonze nkutumizanso, sikukana kumeneko. Lembani kalata yaifupi yotenga ndemanga iliyonse payokha, munene chomwe mwasintha ndi tsamba lake, ndipo pomwe simukugwirizana nawo munene chifukwa mwaulemu.

chaka_chachitatu

Zikomo kwambiri nonse. Asayimenti ija yatchula Khoviwa ya Epulo yokha, ndangoiona pano. Ndiyamba ndi kusaka ya Ogasiti.