Civ V: ndege za Bismarck zandithera mzinda, AA Gun ingoyang'ana

Mngoni_wa_Lizulu:
Akuluakulu amene mumamenya gemu ya pakompyuta ya Civilization V (Civ V) ndithandizeni. Ndikusewera expansion yake ya Brave New World, ndinatenga Shaka poti ife a ku Ntcheu kuno mukudziwa kale kkkk, ma impi anandigwirira ntchito bwinobwino mpaka ndinalanda mizinda ya aneba, koma pano tafika nthawi ya ndege nde zinthu zatembenuka. Germany ya Bismarck ikutumiza ma bomber ngati 5 turn iliyonse pa likulu langa Ulundi, ine ndinaika Anti-Aircraft Gun (AA Gun, mfuti yowombera ndege) pambali penipeni pa mzinda koma imawombera imodzi basi zinazo zikungodutsa kumaphulitsa. Ndi bug kapena gemu yake ndi yokondera AI, mayiko oseweredwa ndi kompyuta?

Kachewere265:
Si bug aise, lamulo lake ndi lomwelo. Chida chilichonse chimatchinga ndege kamodzi pa turn, chikawombera basi chamaliza mpaka turn inayo. Nde iwe waika mlonda mmodzi pamunda anyani akubwera 5, ukuti agwire onse? Komanso AA Gun imaona matailosi awiri okha kuchokera pomwe yaima, ndege ikamenya chinthu chakutali kuposa pamenepo iyo sizikuikhudza. Panga zitatu kapena zinayi uzizunguze mzinda, ukapeza tekinoloje ya Rocketry uzikweze zikhale Mobile SAM, zowombera ndege zamphamvu kuposa AA Gun.

Bembeke_Boy:
Ine za AA Gun zambirimbiri sindigwirizana nazo, ndalama za maintenance zimangothera pa zinthu zongokhala. Bola ma fighter. Fighter imafika matailosi 8, kutanthauza kuti imodzi ikhoza kuteteza mzinda ndi asilikali omwe ali panja pomwe, kungoti uiike pa Intercept, kudikira kutchinga ndege za adani, ndipo usaitumenso kukamenya, ukaituma turn imeneyo kumwamba kwatsala pululu. Ikakwera ma level uipatse Sortie iziwombera kawiri. Triplane, fighter yoyambirira ija, musaidalire kwambiri, mwayi wake wotchinga ndi 50% basi, fighter yobwera ndi tekinoloje ya Radar ndi 100%.

Kachewere265:
Fighter imafuna oil madala, nanga ngati mapu anamumana? AA Gun safuna resource iliyonse, ndi chifukwa chake ndinayambira kumeneko. Ndipo ndege ikakhala mumzinda mzindawo nkulandidwa imapita nawo limodzi.

Mngoni_wa_Lizulu:
Oil ndili nayo 4 yokha, ndinaipeza kwa city-state, kamzinda koima pakokha. Nanga ndikafuna kubwezera ku Berlin nditani, poti bomber yanga yoyamba inabwerako ili yofiira magazi atatsala pang'ono kutha

Bembeke_Boy:
Lamulo lomwe lakupwetekalo ulitembenuze. Uyambe watumiza fighter ndi Air Sweep pamalo omwe ukufuna kumenyapo, chilichonse chotchinga kumeneko chimadzuka nkuwononga mwayi wake umodzi uja pa fighter yako, kenako ma bomber azilowa mwaufulu. Akakhala ndi zotchinga ziwiri sweep kawiri, osachita ulesi, anthu ambiri amangodina bomber poyamba chifukwa chothamangira kuti magetsi asanazime turn ithe kkkk. Ma bomber uwapatse Evasion, imadula theka la damage ya interception. Pa oil 4 yakoyo ine ndikanapanga ma fighter awiri ma bomber awiri, kwanu kuteteze ma AA Gun a mkulu wa kachewereyu, apo ndavomera.

Kachewere265:
Wavomera mochedwa. Koma Mngoni uyang'anenso uthenga woti Bismarck wamaliza Manhattan Project, pulojekiti yotsegula zida za nyukiliya, poti nuclear missile palibe chimaitchinga, SAM kaya jet fighter zonse zimangoonerera. Ukaona uthenga umenewo asilikali usawaunjike pamodzi pa Ulundi.