Kodi tingadziwiretu bwanji kuti BP ya wodwala Parkinson iyamba kutsika akaimirira?

Wa ku Malindi: Bambo anga ali ndi zaka 71 ndipo papita zaka zinayi chiwapezereni ndi matenda a Parkinson, matenda a minyewa amene amanjenjemeretsa thupi. Kuyambira mu Okutobala, akadzuka pamkeka amanena kuti m'maso mwachita mdima, ndipo mlungu watha anagwa pakhonde atangomaliza kudya nsima. Chodabwitsa n'chakuti kuchipatala akawayeza atakhala pampando, BP imapezeka ili bwino, mwinanso yokwera. Kodi panali zizindikiro zimene zikanatichenjeza asanagwe?

Namwino wa pa Boma: Pepani ndi zimene zawachitikira bambo. Munthu akaimirira, magazi amathamangira kumiyendo, ndipo minyewa imalamula mitsempha ya magazi kuti ifinyike. Parkinson imawononganso minyewa imeneyi, osati ya kunjenjemera yokha, moti pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu amakhala ndi vutoli. Kuwayeza atakhala pampando sikungalionetse bwino. Agone chagada kwa mphindi 5, muwayeze, kenako aimirire ndipo muwayezenso pakatha mphindi imodzi ndiponso pakatha mphindi zitatu. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena ya pansi ikatsika ndi 10, vutolo lilipo. Muyang'anenso kugunda kwa mtima pamakinapo: ngati madzi angochepa m'thupi mtima umathamanga kwambiri, koma ngati ndi minyewa, kugundako kawirikawiri sikuwonjezereka n'komwe ndi 15 pa mphindi, ngakhale BP itatsika kwambiri.

Che Mdala wa ku Namwera: Ine ndinasamalira mayi anga zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndikakumbukira tsopano ndimaona kuti thupi linkatichenjeza kale. Kudzimbidwa kunayamba kale kwambiri chizungulire chisanabwere, kenako kukodza pafupipafupi usiku, ndiponso kukuwa ndi kuponya manja ali m'tulo, zimene ena kumudzi ankati ndi ziwanda. Madokotala anatiuza kuti wodwala wokhala ndi zimenezi, makamaka wachikulire amene wadwala nthawi yaitali, ndiye woyenera kumuyeza BP ataimirira kawirikawiri. Ankadandaulanso kupweteka kwa khosi ndi mapewa akaima nthawi yaitali, koma akagona kunkatha.

Namwino wa pa Boma: Zimene mwanena, Che Mdala, n'zoona, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chingalosere motsimikiza, ndipo odwala ambiri BP imatsika iwo osamva chizungulire chilichonse, n'chifukwa chake ine ndimadalira kuyeza kuposa kufunsa. Nthawi yabwino ndi m'mawa atangodzuka, pambuyo pa chakudya, ndiponso patapita ola limodzi atamwa levodopa (mankhwala a Parkinson), chifukwa mankhwalawo nawonso amatsitsa BP. Kutentha kwa kuno kunyanja kumawonjezera vutoli, chimodzimodzi mankhwala okodzetsa monga HCTZ ngati amamwa. Musawasiyitse mankhwala kapena kuwawonjezera mchere panokha, pakuti ambiri mwa odwala otere BP yawo imakwera akagona. Lembani manambala a mlungu wathunthu m'kope, mupite nawo kwa dokotala pamodzi ndi buku lawo lakuchipatala.

Wa ku Malindi: Zikomo kwambiri nonse. Kudzimbidwako ali nako kuyambira kale, ndipo HCTZ amamwadi m'mawa uliwonse. Lero tabwereka makina kwa aphunzitsi oyandikana nafe: atagona inali 148/86, ataimirira mphindi zitatu inafika 112/70, ndipo mtima unangochoka pa 72 kufika pa 76. Lolemba tipita nalo kopelo kuchipatala.